ZINKHANIRA PA MAKOMO A M'CIPULULU

Nkhani yathu ya lero ikutitengera kum'mwera kwa mtsinje wa Zambezi, ku cipululu ca Kalahari. Cipululu cimeneci catenga mbali yaikulu ya dziko la Botswana, kum'mawa kwa Namibia ndi kumpoto kwa South Africa, ndipo mcenga wake wafika ngakhale kuno kwathu, ku Cigawo ca Kumadzulo. Kumeneko, m'midzi ndi m'mafamu ozungulira matauni monga Ghanzi, Gobabis ndi Upington, mai sagoneka mwana asanakutumule zofunda, ndipo bambo sabvala nsapato m'mawa asanazigogode pansi. Cimene aopa ndi cinkhanira.

Kapena mufunsa kuti za ku cipululu zitikhudza bwanji ife. Zitikhudza ndithu, pakuti zinkhanira tiri nazo kunonso, maka-maka m'malo otentha monga cigwa ca Luangwa ndi ca Gwembe. Anthu a m'cipululu akhala pamodzi ndi zinkhanira zaululu woopsa kwa mibadwo yambiri, ndipo nzeru zimene anazipeza zingathandize khomo liri lonse. Mutu wa nzeruzo ndi uwu: cinkhanira sicisaka munthu. Cibwera pakhomo kudzafuna zinthu zitatu, ndizo pobisala, cinyezi ndi cakudya. Mwini khomo akacimana zitatuzi, cipita kukazifuna kwina.

Tiyambe tacidziwa

Cinkhanira ndi mbale wa kangaude ndi nkhupakupa. Ciri ndi miyendo isanu ndi itatu, manja awiri opanira onga a nkhanu, ndi mcira wa mfundo-mfundo umene uthera ku kathumba ka ululu ndi mbola yopindika. Ngakhale timanena kuti cinkhanira caluma, sicilumira pakamwa ai. Cibaya ndi mbola ya kumcira. Akatswiri alemba mitundu yoposa 2,500 pa dziko lonse, koma imene ingaphe munthu ndi pafupi-fupi 30 cabe. M'caka ca 2008 akatswiri awiri a ku France, Chippaux ndi Goyffon, anawerengera kuti anthu oposa 1,200,000 alumidwa caka ciri conse, ndipo oposa 3,000 amwalira. Ambiri mwa omwalirawo ndi ana.

Thupi la cinkhanira linazolowera moyo wa m'cipululu. Khungu lake lolimba liri ndi phula losalola madzi kutuluka, ndipo madzi ambiri amene cifuna ciwapeza m'tizirombo timene cidya. Cikakhuta bwino citha kukhala miyezi yambiri osadyanso. Komabe dzuwa la m'Kalahari ciliopa, pakuti m'cilimwe mcenga utentha kupitirira madigiri 60. Cotero usana wonse cibisala m'una, pansi pa mwala kapena m'makungwa a mtengo, ndipo cituluka dzuwa litalowa. Maso ake saona patali. Cidalira ubweya wa m'thupi ndi tiziwalo ta m'miyendo timene timva kugwedezeka kwa nthaka, kotero kuti nkhululu ikayenda pamcenga capafupi, cinkhanira cidziwa kumene iri ngakhale mumdima wa bii.

Cinkhanira siciikira mazira. Cibala ana amoyo, oyera ndi ofewa, amene akwera pamsana pa make ndi kukhala pomwepo kufikira atafundula koyamba. Mukapeza tiana ta cinkhanira m'nyumba, dziwani kuti pafupi pali malo amene cacikazi cinawayesa abwino oberekerapo, ndipo malowo muyenera kuwafuna-funa.

Kuzindikira coopsa

Anthu ambiri aganiza kuti cakuda ndico coopsa, ena ati cacing'ono ndico cipweteka koposa. Zonsezi n'zosadalirika. M'maiko a kum'mwera kwa Afirika muyeso wabwino ndiwo kuyang'ana manja ndi mcira. Cinkhanira ca manja akulu-akulu onenepa ndi mcira woonda cidalira mphamvu ya manja pogwira cakudya, ndipo ululu wake ndi wocepa. Cikaluma, kuwawa kwake kufanana ndi kwa njuci kapena mabvu. Koma ca manja oonda ndi mcira wonenepa cidalira ululu, ndipo ndico coyenera kuopedwa. Muyeso umenewu aphunzitseni ana anu mpaka auloweze: manja oonda, mcira wonenepa, thawa.

Zinkhanira za mcira wonenepa za ku Kalahari ndi Namib akatswiri azicha Parabuthus, ndipo mitundu iwiri ndiyo yapha anthu kawiri-kawiri. Woyamba ndi Parabuthus granulatus, wa maonekedwe ofiirira, umene upezeka m'malo ouma a South Africa, Namibia ndi Botswana. Zinkhanira zambiri zikhala pakhomo pa una kudikira cakudya, koma ici ciyenda-yenda usiku kusaka, n'cifukwa cake cikumana ndi mapazi a anthu. Waciwiri ndi Parabuthus transvaalicus, wakuda, wotalika kufikira masentimita 15, wopezeka ku Zimbabwe, kum'mawa kwa Botswana ndi kumpoto kwa South Africa. Umenewu ukaputidwa utha kuthira ululu ngati utsi wamadzi, ndipo ukalowa m'maso uwawa koopsa. Zinkhanira za mtundu wa Parabuthus zikakwiya zikhuta mbola pamsana pa mcira ndi kumveka ngati munthu akukanda cikopa couma. Mukamva phokoso lotero usiku, bwererani m'mbuyo.

Palinso tizinkhanira tating'ono tochedwa Uroplectes, tokonda kubisala m'makungwa ndi m'nkhuni. Timeneti ndito tilowa m'nyumba kawiri-kawiri popeza tidziwa kukwera. Tiluma mowawa kwambiri, koma kawiri-kawiri ululu wake uthera pa bala pomwepo.

Cimene cicikokera pakhomo

Taganizani za khomo la munthu pakati pa cipululu. Kunja konse kuli gwaa, koma pakhomo pali mulu wa nkhuni, njerwa zotsala pomanga, malata akale ogonekedwa pansi ndi matayala otha. Pansi pa ciri conse ca zimenezi pali mthunzi ndi kuzizira. Ponseponse nthaka ndi youma, koma pansi pa mtsuko, kuseri kwa bafa ndi pamene mpopi ukudontha pali cinyezi. Nyenyeswa za cakudya ziitana mphemvu ndi nkhululu, ndipo nyali ya pakhonde iitana agulugufe a usiku ndi inswa. Kwa cinkhanira khomo lotere liri ngati dambo pakati pa cilala.

Nyengo nayo icita mbali yake. Zinkhanira ziyenda kwambiri m'miyezi yotentha, maka-maka usiku wofunda wa mphepo. M'caka ca 1993 dokotala wina wa ku South Africa, G. J. Müller, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 42 olumidwa koopsa, amene anai mwa iwo anamwalira. Iye anaona kuti ngozi zambiri zinacitika m'cilimwe, ndipo zinaculuka koposa mu Januwale ndi Febuluwale. Mvula yamkuntho nayo izitulutsa m'mauna. Izi zinaoneka poyera kumpoto kwa Afirika, mu mzinda wa Aswan ku Egypt, m'mphepete mwa cipululu ca Sahara. Mu Novembala 2021 mvula yamphamvu yosayembekezeka inasefukira m'mauna, zinkhanira zinathawira m'nyumba za anthu, ndipo anthu pafupi-fupi 500 analumidwa m'masiku owerengeka. Tsono mvula yoyamba ikagwa pambuyo pa cilala, imeneyo ndiyo nthawi yocenjera koposa.

Kukonza bwalo ndi nyumba

Nchito iyambira pabwalo. Lambulani mozungulira nyumba yonse, kuti pakhale mpata woyera wopanda udzu, miyala kapena zinyalala. Cinkhanira sicikonda kudutsa poyera, pakuti akadzidzi ndi adani ake ena aciona msanga. Nkhuni ziunjikeni kutali ndi khoma, pathandala lokwezeka, ndipo mubweretse m'nyumba zokhazo zimene musonkhezere nthawi yomweyo. Potola cikuni, yambani mwacigubuduza ndi ndodo, ndipo musacinyamule cokhudza pacifuwa musanacimenyetse pansi. Mwala kapena lata muziligadamula molozetsa kutali ndi inu, kuti cobisala pansipo cithawire uko. Madzi otsukira mbale atayeni m'dzenje lake kutali ndi nyumba, ndipo mpopi wodontha ukonzedwe. Nkhuku zimene zipalasa pabwalo zithandiza pakudya tizirombo, koma musazidalire kotheratu, popeza pamene cinkhanira cituluka izo ziri m'khola.

Tikalowa m'nyumba, mdani wamkulu ndi mng'alu. Thupi la cinkhanira ndi laphanthi, ndipo cipyola pa mpata umene inu simungauganizire. Matani ming'alu yonse ya m'zipupa, zirani pansi kawiri-kawiri, ndipo tsekani mpata wa pansi pa citseko ndi thabwa kapena cidutswa ca mphira. Matumba a cimanga, masutikesi ndi madengu asagundane ndi khoma, ndipo muziwasuntha posesa. Cakudya cibvundikiridwe, cifukwa nyumba yopanda mphemvu ndi nyumba ya njala kwa cinkhanira. Nyali ya panja ikhale patali pang'ono ndi khomo, kuti tizirombo tisonkhane kumeneko.

Cinthu cina cothandiza ndi cakuti cinkhanira sicitha kukwera posalala. Mapazi ake ali ndi tizikhadabo togwira pokhakhala, koma pagalasi titerereka. Nzeru imeneyi yagwiritsidwa nchito kwambiri kutsidya la nyanja ya Atlantic, m'dziko la Mexico, kumene zinkhanira ziluma anthu pafupi-fupi 300,000 caka ciri conse. Kumeneko akatswiri a zaumoyo analangiza kumata mzere wa matailosi osalala m'munsi mwa khoma lakunja ndi pa masitepe, ndiponso kuyala nsalu kunsi kwa denga kuti cakugwa kucokera ku tsindwi cisagwere pa munthu wogona. Inunso mungaike miyendo ya bedi la mwana m'mabotolo agalasi a kukamwa kwakukulu. Bedi litalikirane ndi khoma, zofunda zisalendewere mpaka pansi, ndipo neti yochinga udzudzu ipisidwe bwino kunsi kwa matiresi kapena mphasa. Neti yomweyo imene ikutetezani ku malungo ichinganso zinkhanira.

Nanga mankhwala opopera? Athandiza pakupha mphemvu ndi nkhululu, koma cinkhanira ceni-ceni sicifa msanga nao, popeza khungu lake ndi lolimba ndipo cibisala mozama m'ming'alu. Wopopera mankhwala koma osalambula bwalo angotaya ndalama zake.

Makhalidwe a usiku ndi m'mawa

Anthu ambiri alumidwa kuphazi kapena kudzanja, ndipo izi zitiuza pamene ngozi iri. Dzuwa likalowa, ali yense abvale nsapato zotseka, ngakhale ulendo uli wa kucimbudzi cabe. Mapatapata sateteza. Tengani toci ndipo unikani pamene mukuponda. Ana asakhale pansi pabwalo mumdima, ndipo azolowere kusapisa dzanja m'una kapena pansi pa mwala. M'mawa gogodani nsapato, kutumulani zobvala ndi matawulo, maka-maka zimene zinagona pansi. Kwa cinkhanira cimene dzuwa lacitulukira ciri m'nyumba, nsapato ndi una wokumba-kumba.

Pali cinthu cododometsa cimene cithandiza posaka. Khungu la cinkhanira liwala mobiriwira likaunikiridwa ndi kuwala kwa ultraviolet, ndipo masiku ano matoci ang'ono-ang'ono a kuwala kotere agulitsidwa m'masitolo. Munthu wozungulira nao khomo usiku wopanda mwezi aona cinkhanira ciri patali mapazi angapo, ndipo adziwa malo amene zikubisala.

Mukacipeza, musacigwire ndi manja, ngakhale cioneke cakufa. Cibvundikireni ndi citini, lowetsani pepala lolimba kunsi, ndi kukacitaya kutali kuthengo. Ngati n'camcira wonenepa ndipo ciri m'nyumba ya ana, cipheni ndi fosholo kapena ndodo yaitali, nkhope yanu iri kutali. Koma za kuthengo zisiyeni, pakuti zidya ciswe, dzombe ndi tizirombo tina toononga.

Munthu akalumidwa

Ululu wa zinkhanira za mcira wonenepa ugwira mitsempha imene inyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Mitsemphayo iyamba kutumiza mauthenga mosalekeza, ngati ng'oma yoombedwa popanda mwini gule, ndipo minofu, mtima ndi mapapo zisokonezeka. Coyamba ndi kuwawa kotentha ngati khala la moto. Cosoceretsa ndi cakuti pabala sipatupa kweni-kweni, ndipo nthawi zina ngakhale cipsera sicioneka, cotero kholo liganiza kuti mwana angolira ndi mantha.

Zizindikiro zoopsa zibwera pambuyo, kawiri-kawiri maora anai asanathe. Wamkulu amva dzanzi ndi kuyabwa thupi lonse, khungu liwawa ngakhale nsalu ikalikhudza, minofu ikokana, miyendo ilefuka, ndipo kulankhula ndi kumeza zibvuta. Mwana aonetsa mosiyana. Asowa mtendere kotheratu, aphiriphitha, aponya manja ndi miyendo, alira mosatonthozeka, ndipo dobvu lingotuluka cifukwa sakutha kumeza. Cimene cipha ndi kulephera kupuma. Mwana ali pangozi yaikulu koposa cifukwa ululu womwewo umene thupi la bambo wa makilogiramu 70 lingaupirire ulowa m'kathupi ka makilogiramu 15. Okalamba ndi odwala mtima nao ali pangozi.

Tsono zocita ndi izi. Mkhazikeni mtima pansi wolumidwayo, tsukani pabala ndi sopo, ndipo ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Paracetamol, amene ambiri amucha Panado, acepetsa ululu wa pabala. Ngati ululu wathiridwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali. Wamkulu wolumidwa ndi cinkhanira ca manja akulu angathe kukhala pakhomo ena akumuyang'anira. Koma mwana ali yense wolumidwa ndi camcira wonenepa, kapena ndi cinkhanira cimene simunacione bwino, apite naye kucipatala nthawi yomweyo, usiku womwewo, osadikira kuti zizindikiro zioneke. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau. M'cipululu cipatala cikhala kutali, ndipo amene ayamba kufuna galimoto mwana atayamba kale kubanika apeza kuti njira yatalika. Paulendo mgonekeni cam'mbali kuti malobvu asamtsamwe, ndipo ngati kumeza kukubvuta musampatse madzi, cakudya kapena mankhwala akumwa. Cinkhaniraco mukacipha citengeni m'botolo, kapena cijambuleni ndi foni, kuti acipatala acizindikire. Koma musataye nthawi kucisaka.

Pali zina zimene anthu acita ndi mtima wofuna kuthandiza, koma zingoonjezera bvuto. Musateme mphini pabala kapena kuyamwa, pakuti ululu wa cinkhanira ufalikira msanga ndipo sungatulutsidwe motero. Musamange mwendo ndi cingwe. Musathire parafini kapena petulo, ndipo musapake phulusa la cinkhanira cootcha. Mowa ndi mankhwala ogonetsa ndi oopsa kwambiri, cifukwa afooketsa kupuma kumene kwabvuta kale. Ambiri akhulupirira njira zoterezi popeza anaona wina atacira nazo, osadziwa kuti olumidwa ambiri acira okha cifukwa cinkhanira cinali ca ululu wocepa.

Kucipatala wodwala ayang'aniridwa kwa maora 12 kufikira 24, athandizidwa kupuma ngati kuli kofunika, ndipo amene waonetsa zizindikiro zoopsa abayidwa mankhwala othetsa mphamvu ya ululu. Mankhwala amenewa apangidwa kucokera m'magazi a akavalo amene anazolowezedwa ululu pang'ono-pang'ono, ndipo sapezeka m'cipatala ciri conse. Cotero n'kwanzeru kufunsiratu ku cipatala ca kwanu kumene munthu wolumidwa koopsa atumizidwa. Phindu la mankhwalawa lioneka ku Mexico komwe kuja. Pakati pa zaka za m'ma 1900 zinkhanira zinali kupha anthu oposa 1,000 pacaka m'dzikomo, koma mankhwala atafika m'zipatala za kumidzi ciwerengeroco cinatsika kufika pansi pa 100, ngakhale kuti olumidwa akali ambiri. Wodwala akayamba kupeza bwino musafulumire kumtulutsa. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mau otsiriza

Zinkhanira zakhala pa dziko lapansi zaka zoposa mamiliyoni 400, ndipo palibe mudzi umene udzazitha zonse. Anthu a ku Kalahari sayesa n'komwe kuzitha. Iwo asesa bwalo, akweza nkhuni, amata ming'alu, abvala nsapato usiku ndi kukutumula zofunda za ana, tsiku ndi tsiku, mpaka zasanduka mwambo. Inunso, mawa kukaca, zungulirani nyumba yanu ndi kudzifunsa kuti cinkhanira cingabisale pati, cingapeze cinyezi pati, ndipo cingadye ciani. Mukatero kambiranani ndi anansi anu kuti mwana akalumidwa pakati pa usiku, galimoto, ngolo kapena njinga yopitira kucipatala idzacokera kwa yani. Nkhani imeneyi ikambidwe dzuwa likali m'mwamba, ngozi isanagwe.